Supuni ya Phala M'dzanja la Bambo

Aliyense amene adayendapo pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo m'mamawa wa nyengo ya dzinja amawadziwa anthu opita kothyola tiyi. Kusanayere kwenikweni amuna ndi akazi amakhala ali kale pa ulendo, madengu ali kumsana, mapepala apulasitiki atawakulunga m'chiuno podziteteza ku mame ndi mvula. Kuyambira mwezi wa Disembala kufikira Epulo tiyi amaphukira kwambiri, ndipo kulemera kwa masamba amene munthu wafika nawo pa sikelo ndiko kumaonetsa ntchito yake ya tsikulo. N'chifukwa chake mwamuna wogwira ntchito ku Satemwa, ku Naming'omba, ku Makandi kapena kwa Conforzi akhoza kutchula mosakayika makilogalamu amene adathyola dzulo ndi dzana. Komatu m'boma lomwelo muli sikelo inanso. Iyi ndi sikelo ya ana, imene imapezeka pa chipatala cha boma cha Thyolo, pa chipatala cha Malamulo ku Makwasa ndi m'midzi momwe alangizi a zaumoyo amaikoleka pa nthambi ya mtengo. Pa sikelo imeneyi pamadzaza amayi, ndipo abambo amaoneka mwa apo ndi apo.

Kusiyana kwa masikelo awiriwa kumadzutsa funso loyenera kuliganizira mofatsa. Kodi mwamuna amene wabala mwana, nagwira ntchito molimbika kuti ufa usasowe m'nyumba, watsiriza udindo wake wonse monga bambo? Kapena pali mangawa ena amene ali nawo kwa mwanayo, mangawa osabwezeka ndi ndalama, koma ndi manja ake ndi nthawi yake? Funsoli limaoneka poyera mwana akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, pamene ayamba kulawa phala. Nthawi imeneyi isanafike, kudyetsa mwana kumakhala kwa mayi yekha, pakuti mwamuna alibe bere. Koma supuni sifunsa kuti dzanja loigwira ndi la mwamuna kapena la mkazi.

Anthu ambiri amayankha kuti ntchito ya bambo ndi kusaka, ndipo ya mayi ndi kulera. Yankho limeneli siloyenera kulipeputsa. Thyolo ndi boma la anthu ochuluka pa malo ochepa. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 720,000 m'bomali, chonsecho gawo lalikulu la nthaka yabwino lili pansi pa minda ya tiyi ndi makademiya. Mwamuna amene amapirira mvula tsiku lonse kuti ana ake asagone ndi njala akuonetsa chikondi chenicheni. Komabe ndi bwino kudziwa kuti chithunzi cha bambo wopezeka pakhomo usiku wokha sichidachokere kwa makolo okha ayi. Chidakula ndi mbiri ya ntchito. Alhomwe ambiri adafika ku Thyolo ndi ku Mulanje kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, nakhala pa malo a azungu mwa pangano la thangata, loti azigwira ntchito m'malo mwa kulipira malowo. Minda itakula, monga wa Satemwa umene Maclean Kay adauyamba mu 1923, belu la ntchito lidayamba kulamulira tsiku la mwamuna. Ena adapita ku Salisbury, ena ku migodi ya ku Johannesburg pa Wenela, natha zaka osaona ana awo. Chimene chidayamba monga chokakamiza chidazolowereka, ndipo pamapeto pake chidatchedwa mwambo.

Palinso nkhani ya chikamwini. Amang'anja ndi Alhomwe a ku Thyolo amatsata mtundu wa kuchikazi. Mwamuna amakakhala kwa mkazi, ana amawerengedwa a mbumba ya mayi, ndipo mwinimbumba ndi malume awo. Mwambi woti "mkamwini asamakule mwendo" umakumbutsa mwamuna kuti pamudzipo ndi mlendo. Ena amafika pomuyerekeza ndi tambala, amene ntchito yake imatha anapiye asanaswedwe. Mwamuna woganiza mwachidule akhoza kunena mumtima mwake kuti, "Ana si anga, ndi a eni mudzi, ndivutikirenji?" Koma maganizo otere amasokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Mwambo wa mbumba umanena za malo, za ufumu ndi za amene adzayankhule pa milandu ndi pa ukwati wa mwanayo. Sunena kuti khanda lisadziwe nkhope ya bambo wake. Ndipotu ngati chikamwini chimachepetsa ulamuliro wa bambo pa ana, ndiye kuti chimamusiyira njira imodzi yolimba yokhalira bambo, njira ya chikondi ndi chisamaliro. Imeneyi palibe malume amene angamulande.

Makolo akale sadamuike bambo kutali ndi moyo wa khanda monga ena amaganizira. N'zoona kuti mwamuna sankalowa m'chikuta. Koma pakati pa Achewa ndi Amang'anja mwambo wa kutenga mwana, umene ena amati kuika mwana kumphasa, sunkatheka popanda bambo. Ankakhulupiriranso kuti mwamuna akayenda njira zosayenera mwana ali wakhanda, mwanayo amadwala tsempho kapena mdulo: amatupa nkhope ndi mapazi, nafooka. Masiku ano achipatala akaona mwana wotupa motero amati thupi lake likusowa zakudya zoyenera, ndipo amamuchiza ndi chakudya ndi mankhwala. Pa chiyambi cha matendawa achipatala ndiwo akunena zoona. Komabe m'chikhulupiriro chakalecho mudabisala nzeru yosafunika kuitaya. Makolo adaona kuti khalidwe la bambo limalembedwa pa thupi la mwana. Mwamuna amene mtima wake ndi ndalama zake zapita kwina amasiya mwana wowonda kunyumba. Akale adamuimba mlandu bamboyo, ndipo pamenepo sadalakwe.

Tsono n'chifukwa chiyani mwezi wachisanu ndi chimodzi uli wofunika chotere? Kuyambira mu 2001 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi, osapatsidwa madzi kapena phala, kenaka ayambe zakudya zina uku akuyamwabe kufikira zaka ziwiri kapena kupitirira. Pofika msinkhu umenewu mkaka wa m'mawere paokha sukwaniranso, ndipo mchere wa ayironi wothandiza kupanga magazi, umene mwana adabadwa nawo, umakhala ukutha. Vuto ndi lakuti kamimba ka mwana ndi kakang'ono, kolandira chakudya chonga cha m'kapu imodzi ya tiyi basi. Kakadzazidwa ndi phala lamadzimadzi la ufa woyera, mwana amakhuta koma thupi lake silipindula. Phala loyenera ndi lolimbirapo, losayenderera pa supuni, la mgaiwa wothira nsinjiro, soya, dzira, usipa wosinja kapena masamba. Mwana wa miyezi 6 mpaka 8 amafunika kudya kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo kuyambira miyezi 9 katatu kapena kanayi, kuphatikizapo tizakudya tapadera monga nthochi kapena peyala.

Zimenezi si nkhani zopepuka. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2010 adapeza kuti ana 47 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi adali opinimbira. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 adapeza 37 mwa 100 alionse, ndipo adaonetsanso kuti mwa ana a miyezi 6 mpaka 23, pafupifupi 8 okha mwa 100 alionse ndiwo ankadya mokwanira ndi mwakasinthasintha. Kupinimbira kumayamba mwana ali m'mimba ndipo kumakula m'zaka ziwiri zoyambirira. Kukachitika, kumavuta kukubweza, ndipo kumakhudza msinkhu ndi nzeru zomwe. Apa ndi pamene mwambi woti "m'mera mpoyamba" umapherezera. Ku Thyolo zinthu zimathina kwambiri chifukwa miyezi imene tiyi amachuluka ndi yomwenso nkhokwe zimakhala zitauma. Mu Januwale ndi Febuluwale makolo onse awiri amakhala otanganidwa, chimanga chili chodula, ndipo khanda limasiyidwa kwa agogo kapena kwa mchemwali wake wa zaka zisanu ndi zitatu.

Kudyetsa mwana wamng'ono ndi ntchito yofuna nthawi ndi kuleza mtima. Mwana amalavula, amatembenuza nkhope, amagwira supuni, amaseweretsa phala. Chakudya chachilendo akhoza kuchikana kambirimbiri asanachizolowere. Mayi amene wathyola tiyi kapena wapalira m'munda, natunga madzi, natola nkhuni, naphika, sangakhale ndi mphamvu zomunyengerera mwana nthawi zonse. Mutu umodzi susenza denga. Koma phindu la bambo wodyetsa mwana silithera pa kupeputsa ntchito ya mkazi wake. M'mabanja ambiri mwamuna ndiye amagwira ndalama, ndipo ndiye amapatsidwa ndiwo zabwino. Iye akamva kuti mwana akufunika dzira, amamva ngati nkhani ya amayi a kusikelo. Koma akakhala pansi ndi kambale m'manja, naona phala likuyenderera ngati madzi, naona timanja ta mwana wake, amadziwa chinthu chimene khutu silikadamuuza. Munthu wotere sachedwa kugula mtedza pa Bvumbwe kapena pa Luchenza, sagulitsa nandolo yense, ndipo dzira limene ankaikiridwa iye amalipereka kwa mwana. Pali nzeru zina zimene zimalowera m'manja.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi ya mtima. Pa msinkhu womwewu wa kuyamba phala, mwana amayambanso kusiyanitsa anthu ake ndi alendo. Amasekerera nkhope zozolowereka ndi kulira akanyamulidwa ndi munthu wosamudziwa. Khanda silidziwa amene adagula ufa kapena amene adalipira ngongole ku golosale. Limadziwa fungo, mawu ndi manja a munthu amene amabwera likalira. Mu 1958 katswiri wina wa ku America, Harry Harlow, adafalitsa zimene adapeza poyesa ana a anyani. Adawapangira amayi awiri oyerekezera, wina wa waya wokhala ndi botolo la mkaka, wina wokutidwa ndi nsalu yofewa. Tianyanito tinkapita kwa wa waya pofuna kuyamwa basi, koma nthawi yambiri tinkakakamira wa nsalu, ndipo tikaopsedwa tinkathawira kwa iyeyo. Phunziro lake ndi lakuti chakudya pachokha sichimanga chikondi. Chimene chimamanga ndi kufungatira, kuyang'anana ndi kuyankhana. N'chifukwa chake kudyetsa mwana kumasiyana ndi kuthira madeya m'khola. Wodyetsa bwino amayang'ana mwana m'maso, amamuyankhula, amadikira kuti ameze, ndipo amazindikira pamene wakhuta.

Amene amasintha si mwana yekha. Akatswiri a ku Israel, motsogozedwa ndi Ruth Feldman, adapeza mu 2010 kuti timadzi ta m'thupi totchedwa oxytocin, timene timathandiza mayi kukonda khanda lake, timapezekanso mwa abambo a makanda pa mlingo wofanana ndi wa amayi, ndipo timayenderana ndi mmene bambo amagwirira mwana ndi kusewera naye. Mwa Aaka, anthu osaka nyama a m'nkhalango za ku Central African Republic, Barry Hewlett adaona abambo akunyamula makanda nthawi yaitali kuposa a mitundu ina yonse imene idafufuzidwapo, ndipo adalemba zimenezi m'buku lake la 1991. Amuna amenewo ndi alenje, ndipo palibe amawayesa akazi. Izi zikusonyeza kuti chikondi cha bambo sichigwa kumwamba tsiku limene mwana wabadwa. Chimakula ndi zochita. Mwamuna wodikira kuti ayambe wamva chikondi ndipo adzanyamule mwana pambuyo pake wasemphanitsa zinthu, pakuti kunyamulako ndiko kumabala chikondi.

Angayerekezedwe amuna awiri okhala moyandikana m'nyumba za pa esiteti. Onse amaweruka nthawi imodzi, atatopa mofanana. Woyamba amasamba, napita kukacheza pa bawo kufikira mdima. Akabwera amapeza mwana atagona, ndipo Lamulungu akafuna kumunyamula, mwanayo amalira natambasulira manja kwa mayi wake. Iye amakwiya nati, "Mwana wanuyu ngwamwano." Wachiwiri amasamba m'manja, nakhala pa mkeka. Mkazi wake amamupatsira kambale nati, "Bambo a mwana, tamugwirani uyu ndione moto." Tsiku loyamba phala lambiri limathera pa malaya. Pakutha pa mwezi mwana uja akamva mawu a bambo wake panja amayamba kudumphadumpha. Tsiku lina akakana kudya, bamboyo amakhala woyamba kuzindikira kuti thupi latentha, ndipo amamutengera kuchipatala matenda asanakule. Amuna awiriwa amalandira malipiro ofanana. Kusiyana kwawo kuli pa theka la ola limene wina adalipereka ndipo wina adalimana.

Pali zifukwa zimene amuna amapereka pokana ntchitoyi. Choyamba ndi kutopa, ndipo kutopako ndi koona. Koma mkazinso amakhala atatopa, ndipo mwana sangadikire kuti nyengo ya tiyi ithe. Chachiwiri, chimene chili chachikulu ngakhale sachitchula, ndi manyazi. Mwamuna wooneka akudyetsa mwana amanenedwa kuti adamudyetsa khuzumule, kapena kuti mkazi adamuika m'botolo. Koma anthu onena zimenezi amaiwala zimene amaziona tsiku ndi tsiku. Ku nazale ya tiyi amuna amasamalira timitengo tanthete kwa miyezi yambiri, kutithirira, kutitchingira dzuwa ndi kutizoloweza kunja pang'onopang'ono, podziwa kuti padzapita zaka tisanayambe kuthyoledwa. Palibe amawaseka. Wothyola tiyi amasankha ndi zala zake masamba awiri ndi kansonga, osawononga mtengo. Ngati kufatsa kwa manja kuli luso pa tiyi wa mwini munda, kungakhale bwanji chamanyazi pa mwana wa iye mwini? Ulemu umene umatha chifukwa cha supuni ya phala udali wosalimba kale.

Chifukwa chachitatu ndi malire a pamudzi. M'midzi yambiri agogo aakazi ndiwo amalamula za kadyedwe ka khanda, ndipo mkamwini sangangodzuka ndi kutsutsa apongozi ake, anthu amene mwa mwambo amawapatsa ulemu wapadera. Apa pamafunika nzeru, osati makani. Mwamuna akhoza kupita kusikelo pamodzi ndi mkazi wake, namva yekha malangizo, kenaka nkhaniyo ikafika kwa akuluakulu kudzera mwa mkaziyo kapena mwa ankhoswe. Zoterezi zidachitikapo m'dziko muno. Ku Ekwendeni m'boma la Mzimba, kuyambira mu 2000, chipatala cha mishoni chidagwirizana ndi alimi pa ntchito yobzala mtedza, soya ndi nandolo. Posakhalitsa zidaoneka kuti kukolola mbewu sikukwanira ngati mwamuna agulitsa zonse ndipo agogo sakuvomereza kadyetsedwe katsopano. Motero adayambitsa masiku ophika pamodzi, pomwe amuna, akazi ndi agogo ankaphika, kulawa ndi kukambirana za ntchito za pakhomo. Ofufuza adapeza kuti ana a m'mabanja amene adakhalitsa pa ntchitoyi ankakula bwino kuposa anzawo.

Komabe chikondi chopanda nzeru chikhoza kupweteka. Pali abambo ena amene, pofunitsitsa kuti mwana awazolowere kapena pomva akulira usiku, amaumiriza kuti ayambe phala ali ndi miyezi iwiri kapena itatu. Kutero kumachepetsa kuyamwa ndipo kumatsegula khomo la matenda otsegula m'mimba. M'miyezi yoyambayo bambo amadyetsa mwana podyetsa mayi: kuona kuti akudya bwino, kumutungira madzi, kunyamula khanda kuti iye apume. Enanso amamwetsa khanda tiyi, poti ku Thyolo tiyi sasowa. Koma tiyi amalepheretsa thupi kulandira ayironi wa m'zakudya, ndiponso amadzaza kamimba popanda kupereka kanthu. Uchi nawonso suyenera kupatsidwa kwa mwana wosakwana chaka. Kumutsina mphuno kuti atsegule pakamwa, kapena kumuopseza, kumaphunzitsa mwana kuopa chakudya ndi wodyetsa yemwe. Bambo wanzeru amafunsa, amaphunzira kwa mkazi wake, ndipo sachita manyazi kukonzedwa. Cholinga si kuti iye atamandidwe pa mudzi, koma kuti mwana akule.

Malamulo a dziko nawonso ayamba kuvomereza kuti bambo ali ndi malo pafupi ndi khanda. Lamulo la ntchito la 2000 lidapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata asanu ndi atatu. Litasinthidwa mu 2021, lidapatsanso bambo wolembedwa ntchito tchuthi cha masabata awiri cholipidwa, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Ichi ndi chinthu chabwino, koma mphamvu ya lamulo ili ndi malire. Masabata awiriwo amatha mwana asanayambe n'komwe kumwetulira, ndipo phala limadza patapita miyezi. Bwalo la milandu likhoza kulamula mwamuna kupereka ndalama zothandizira mwana, koma palibe woweruza amene angalamule munthu kukhala pa mkeka ndi kupemerera phala kuti lizizire. Zimenezo zimatsalira chikumbumtima cha munthu.

Ena amalimbikitsa abambo ponena kuti kupatsa n'kuika, ndipo mwana wosamalidwa adzasamala kholo lake pa ukalamba. M'mawuwa muli choonadi. M'midzi muli nkhalamba zina zimene zidagwira ntchito zaka makumi atatu m'minda ya tiyi, ndipo lero zimadabwa kuona ana akutumiza chithandizo kwa amayi awo okha. Nkhalambazo zimati ana ndi osayamika, osadziwa kuti anawo adakula akuopa mapazi awo. Komabe chifukwa chenicheni chodyetsera mwana si chiyembekezo cha malipiro. Mwana sadapemphe kubadwa. Anthu awiri ndiwo adamuitana, ndipo onse awiri ali ndi mangawa kwa iye, kaya adzabweza kaya sadzabweza. Udindo umene munthu adaupanga ndi thupi lake sangautumize kwa wina ngati katundu.

Motero yankho la funso lija ndi lakuti kubala ndi kusaka ndi mbali zofunika za ubambo, koma sizikwanira. Mwamuna amene amadziwa kulemera kwa dengu lake ayenera kudziwanso kulemera kwa mwana wake, ndi chimene mwanayo wadya lero. Mnyamata amene ali pa sukulu tsopano adzakhala bambo mawa, ndipo mtsikana adzasankha ngati adzalole mwamuna wake kugwira kambale kapena adzamuseka. Masamba a tiyi akathyoledwa, mtengo umaphukiranso pakapita masiku ochepa. Miyezi ya ukhanda ikapita, sibweranso.